Kodi Korea, Japan ndi Vietnam anangokopera za ku China?

Funso la wowerenga: Ndimakonda mafilimu a mbiri yakale a ku Korea ndi ku China, ndipo nthawi zina ndimalephera kuwasiyanitsa. Madenga a nyumba zachifumu, mikanjo ya nduna, kudya ndi timitengo, ngakhale zilembo zolemba ndi burashi, zonse n'zofanana. A ku Japan nawo chimodzimodzi. Mnzanga akuti mayiko onsewa ankalamulidwa ndi China monga mmene Angerezi ankatilamulira ife, n'chifukwa chake anatengera zonse. Kodi n'zoona? Ngati si zoona, zinthuzi zinafika bwanji kumeneko?

Yankho:

Zimene mnzanuyo wanena zikukwanira dziko limodzi lokha. Kumpoto kwa Vietnam kunalamulidwadi ndi mafumu a ku China kwa zaka pafupifupi 1,000. Ku Korea, China inagwira chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa zaka 400 ndi zina pang'ono. Japan ndiye sinalamulidwepo ndi China ngakhale tsiku limodzi. Asilikali a Kublai Khan, mfumu ya Amongolo imene inkalamulira kuchokera ku Beijing, anawoloka nyanja mu 1274 ndi mu 1281, maulendo onse awiri n'kubwerera chimanjamanja. Komatu Japan yomweyo ndi imene mpaka lero imalemba ndi zilembo za ku China tsiku lililonse, pomwe Vietnam, imene inalamulidwa zaka zonsezo, inazisiya. Nkhondo payokha singafotokoze zimenezi.

Ine ndimaiona motere nkhaniyi. Zambiri zimene mukuziona m'mafilimumo mafumu a mayikowa anachita kuzitumira anthu, kulipira chuma chambiri, ena mpaka kufera panyanja pokazitenga. Ankafuna zida zomangira boma lamphamvu, ndipo nthawi zambiri boma lamphamvulo ankalifunira kuti China yomweyo isawameze.

Tiyambe ndi zilembo, pakuti ndizo zinasenza zina zonse. Anthu a ku Korea ndi ku Japan analibe kalembedwe kawokawo pamene anakumana ndi ka ku China. Zilembo zachitchaina zili ndi khalidwe limene alifabeti yathu ilibe: chilembo chimodzi chimaimira liwu lathunthu ndi tanthauzo lake. Zili ngati manambala. Mukalemba 5, inu muwerenga kuti zisanu, Mfalansa awerenga m'chilankhulo chake, koma nonse mwamva chinthu chimodzi. Chilembo cha phiri, 山, munthu wa ku Beijing amachiwerenga kuti shan, wa ku Seoul san, wa ku Tokyo san kapena yama, ndipo wophunzira wakale wa ku Hanoi ankati son. Zilankhulozi sizili pachibale ndi Chitchaina. Chikoreya ndi Chijapani zimaika mneni kumapeto kwa chiganizo ndipo zimaphatikiza timawu kumchira kwa mawu, zimene Chitchaina sichichita. Choncho ophunzira a mayikowa ankalankhula chakwawo kunyumba, koma akagwira burashi ankalemba Chitchaina cha m'mabuku akale, chomwe ngakhale ku China komweko palibe ankachilankhula pamsika.

Phindu lake linali lalikulu. Mu 1597 nthumwi ya ku Korea, Yi Su-gwang, inakumana ku Beijing ndi nthumwi ya ku Vietnam, mkulu wachikulire dzina lake Phung Khac Khoan. Pakamwa sankamvana ngakhale liwu limodzi. Anakhala pansi ndi burashi, inki ndi pepala, wina kulemba funso, mnzake kulemba yankho pansi pake, za nyengo, za mpunga, za kutalika kwa ulendo, n'kupatsana ndakatulo zomwe zinasungidwa mpaka lero. Munthu akadziwa zilembozo chitseko chinkamutsegukira ku mabuku a malamulo, a mankhwala, a kawerengedwe ka miyezi ndi nyenyezi, a mbiri ya mafumu, ziphunzitso za Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China wa za makhalidwe ndi ulamuliro, ndiponso malemba a Chibuda amene anachokera ku India n'kumasuliridwa ku China. Mfumu yokhala ndi alembi otere inkatha kuchita kalembera, kudziwa kuti mudzi wakuti uli ndi mabanja angati, mpunga wa msonkho uchuluke bwanji, amuna angati apite kunkhondo kapena ku thangata yomanga misewu. Mfumu yopanda alembi inkadalira zimene akulu a mafuko afuna kuiuza.

Vietnam ndi kumene mnzanuyo akulondola, choncho tiimepo. Mu 111 Khristu asanabadwe, mfumu Wu ya ufumu wa Han wa ku China inagonjetsa ufumu wa Nanyue, ndipo chigwa cha mtsinje wa Red River, kumene kuli Hanoi lero, chinasanduka chigawo cha China. Kunabwera abwanamkubwa, asilikali, okhometsa msonkho ndi masukulu a ana a anthu olemera. Eni dziko sanangopinda manja. Mu chaka cha 40 amayi awiri apachibale, Trung Trac ndi Trung Nhi, anatsogolera kuukira n'kuthamangitsa bwanamkubwa. Patatha zaka zitatu mkulu wa asilikali Ma Yuan anawagonjetsa, nalanda ng'oma zamkuwa zimene zinali chizindikiro cha ulamuliro wa mafumu a m'deralo, n'kuzisungunula kuti aumbire fano la kavalo. Kuukira kunabwerezedwa kangapo m'zaka mazana otsatira, mpaka mu 938 pamene Ngo Quyen anazika mitengo yosongoka, yovekedwa chitsulo kunsonga, pansi pa mtsinje wa Bach Dang. Anakopa zombo za adani kuti zilowe madzi atadzaza, ndipo ataphwera zombozo zinabayika pamitengo ija. Ufulu wa Vietnam unayambira pamenepo.

Tsono onani zimene zinachitika ufulu utapezeka. Kachisi wa Confucius wa ku Hanoi, Van Mieu, anamangidwa mu 1070, patatha zaka zoposa 130 Atchaina atachoka. Mayeso olembera anthu ntchito za boma, otengera a ku China, anayamba mu 1075, ndipo sukulu yaikulu ya boma inatsegulidwa mu 1076. Anachita zimenezi ndi mafumu a banja la Ly, eni dziko, popanda wowaumiriza. Ufumu wa Ming wa ku China utabweranso n'kulanda dzikolo kuyambira mu 1407 mpaka 1427, unatentha ndi kututa mabuku ambiri a ku Vietnam. Mtsogoleri wa ku Vietnam, Le Loi, atawathamangitsa, nduna yake Nguyen Trai inalemba chikalata cholengeza chipambano. Chikalatacho chimanena kuti mapiri ndi mitsinje zinagawa kale malire, kuti miyambo ya kumpoto ndi ya kummwera n'njosiyana, ndiponso kuti mafumu a kwawo akhala akuima mofanana ndi a maufumu a ku China a Han, Tang, Song ndi Yuan. Mawu onsewa anawalemba m'Chitchaina cha m'mabuku, mwaluso loti wophunzira aliyense wa ku Beijing sakanapeza pogwira. Ndipo banja la Le lomwelo ndi limene linazamitsa ziphunzitso za Confucius kuposa onse a m'mbuyo. Kuyambira mu 1484 mayina a okhoza mayeso apamwamba ankagobedwa pamiyala yoimikidwa pamsana pa akamba osema, ndipo miyala 82 ikadalipo ku Van Mieu. Mafumu a ku Vietnam akamalembera kalata ku Beijing ankadzitcha mfumu wamba n'kutumiza mtulo, koma kwawo ankadzitcha mfumu ya mafumu, dzina lomwe Atchaina ankati n'la munthu mmodzi yekha pansi pa thambo.

Mtulo umenewu anthu ambiri amaumva molakwika. Dziko lotumiza mtulo silinkalamulidwa ndi China. Linkatumiza nthumwi ndi mphatso pa nthawi zoikika, nthumwizo n'kugwada pamaso pa mfumu yaikulu, mfumuyo n'kubweza mphatso zomwe nthawi zambiri zinkaposa zimene yalandira, pamodzi ndi chidindo ndi kalendala. Amalonda ankatsagana ndi nthumwizo. Misonkho, makhoti ndi asilikali zinkakhalabe m'manja mwa eni dziko. Kunali kudzichepetsa ndithu, ndipo ena kunkawawawa, koma n'kosiyana kwambiri ndi utsamunda umene ife tikuudziwa.

Ku Korea khomo linatsegulidwanso ndi nkhondo. Mu 108 Khristu asanabadwe mfumu Wu yomwe ija inakhazikitsa maboma anayi kumpoto kwa Korea. Lokhalitsa linali Lelang, pomwe pali Pyongyang lero, ndipo linagwa mu 313. M'manda ena a kumeneko ofukula zakale anapezamo timatabwa tolembedwa chiwerengero cha mabanja a m'maboma ang'onoang'ono cha m'chaka cha 45 Khristu asanabadwe, pamodzi ndi timizere ta nsungwi tolembedwa mawu a Confucius. Kalembera ndi buku la makhalidwe zinagona m'manda amodzi, ndipo umo ndi mmene ziwirizi zinkayendera kulikonse.

Amene anagwetsa Lelang ndi ufumu wa ku Korea wa Goguryeo, mdani wamkulu wa China kumpoto. Ufumu womwewu mu 372 unalandira Chibuda n'kutsegula sukulu yophunzitsa mabuku a Confucius. Maufumu ena awiri a ku Korea anatsatira: Baekje inalandira Chibuda mu 384, Silla cha m'ma 527. Mu 612 ufumu wa Sui wa ku China unatumiza chinamtindi cha asilikali kukaphwanya Goguryeo. Mkulu wa asilikali a Goguryeo, Eulji Mundeok, anatumizira mkulu wa adaniwo ndakatulo yachitchaina ya mizere inayi, yomutama mwachiphamaso kuti wapambana kale mokwanira, ndi bwino abwerere. Pobwerera, asilikali a Sui anaphedwa ochuluka zedi powoloka mtsinje wa Salsu.

Za mikanjo ya nduna imene mwafunsa, chaka chake chikudziwika. Mu 648 Kim Chunchu wa ku Silla anapita ku likulu la ufumu wa Tang kukapempha mgwirizano wa nkhondo, ndipo chaka chotsatira nduna za Silla zinayamba kuvala ngati za Tang. Mgwirizanowo unagwetsa Baekje mu 660 ndi Goguryeo mu 668. Tang itaonetsa kuti ikufuna kukhazikika pamalopo, Silla inatembenuka n'kumenyana nayo mpaka kuitulutsa mu 676, nduna zake zili m'mikanjo yomwe ija.

Pambuyo pake achinyamata a ku Silla ankapita ku China kukaphunzira. Choe Chiwon anapita mu 868 ali ndi zaka 12, nakhoza mayeso a boma la Tang mu 874, n'kugwira ntchito komweko. Atabwerera kwawo anapeza kuti maudindo apamwamba amayendera magazi, ndipo iye sanabadwire m'banja loyenera. Anamaliza moyo wake atasiya za boma. Mayeso enieni anakhazikitsidwa mu 958 ndi mfumu Gwangjong ya Goryeo, ufumu umene unalowa m'malo mwa Silla, molangizidwa ndi mlendo wochokera ku China, ndipo cholinga chake chinali kuthyola mphamvu za mabanja akuluakulu amene anathandiza kukhazikitsa ufumuwo. Mayesowo anakhalapo mpaka 1894.

Mafilimu ambiri amene mumaonera ndi a nthawi ya Joseon, ufumu umene unayamba mu 1392. Apa ziphunzitso za Confucius zinatuluka m'maofesi n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene chikoka cha China chinafika pozama kuposa pena paliponse. Kale ku Korea ukwati unali wa chikamwini: mwamuna ankakakhala kwa makolo a mkazi zaka zambiri, ana n'kukulira kwa agogo akuchikazi. Ana aakazi ankagawana chuma cha makolo mofanana ndi alongo awo, ndipo ankatha kutsogolera nsembe za makolo. Akatswiri a Joseon ankati zimenezi n'zosalongosoka chifukwa sizikugwirizana ndi mabuku. Anazikankha pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 200. Mu 1477 anagamula kuti ana a mkazi wamasiye amene wakwatiwanso asaloledwe kulemba mayeso a boma. Pofika m'ma 1700 chitengwa chinali chitafala, mwana wamwamuna woyamba ndiye ankatenga gawo lalikulu, ndipo mkazi wa m'banja lapamwamba ankakhala kuseri kwa mpanda. Amayi anataya zambiri pa kusinthaku, ndipo palibe msilikali wa ku China anaima pakhomo kuti zitheke. Ufumu wa Ming utagwa mu 1644 n'kulowa Amanchu, ophunzira a ku Korea anayamba kunena kuti chitukuko chenicheni chatsala kwa iwo okha, ndipo ena anapitiriza kuwerenga zaka potengera mfumu yomaliza ya Ming.

M'nthawi yomweyi munabadwa chinthu cha Korea yekha. Mu 1443 mfumu Sejong inakonza alifabeti ya zilembo 28, imene lero imatchedwa hangul, ponena kuti chilankhulo cha dziko lake n'chosiyana ndi cha China ndipo anthu wamba akulephera kulemba zakukhosi kwawo. Nduna ina, Choe Malli, inatsutsa polemba kuti amene ali ndi zilembo zawozawo ndi anthu osatukuka monga Amongolo, Ajapani ndi a ku Tibet. Kwa zaka 450 alifabetiyo inkagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi amayi ndi anthu wamba, za boma zikulembedwabe m'Chitchaina.

Japan inalandira zambiri kudzera ku Korea, ndipo mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Ulimi wa mpunga wa m'madzi ndi luso la zitsulo zinawoloka kuchokera kumeneko kalekale. N'zoona kuti panali kulumikizana kwachindunji: mu 57 mfumu ya Han inapatsa mfumu ina ya pachilumba cha Kyushu ku Japan kachidindo kagolide, kosakwana masentimita atatu m'mbali mwake, kokhala ndi chogwirira chonga njoka, ndipo mlimi wina anakatola m'munda mu 1784. Koma aphunzitsi oyamba a zilembo, alembi a mafumu, owomba nsalu ndi amisiri ambiri anali ochokera ku Korea. Chibuda chinabwera ngati mphatso ya mfumu Seong ya Baekje pakati pa zaka za m'ma 500, ndipo chinabutsa mkangano. Banja la Soga linkachifuna, la Mononobe linkati milungu ya makolo ikwiya, ndipo nkhaniyo inatha ndi nkhondo mu 587, a Soga n'kupambana.

Mu 607 boma la Japan, m'masiku a kalonga Shotoku, linatumiza nthumwi ku Sui ndi kalata yoyamba ndi mawu oti Mwana wa Kumwamba wa kotulukira dzuwa akulonjera Mwana wa Kumwamba wa kolowera dzuwa. Mabuku a ku China amati mfumu Yang inaipidwa nayo kalatayo. Ajapani ankabwera kudzaphunzira, koma sankafuna kuoneka ngati antchito.

Chimene chinafulumizitsa zonse ndi mantha. Mu 663 Japan inatumiza zombo kukathandiza otsala a Baekje, ndipo Tang ndi Silla anaziphwanya pamathiriro a mtsinje wa Baekgang. Akuluakulu a ku Japan anayembekezera kuti adaniwo awatsata. Anamanga malinga kumadzulo kwa dziko, mothandizidwa ndi othawa kwawo a ku Baekje, ndipo anaona kuti chomwe chawagonjetsa ndi dongosolo la boma. Kalembera wa dziko lonse anachitika mu 670. Malamulo a Taiho, otengera a Tang, anatuluka mu 701. Mu 710 anasamukira ku likulu latsopano la Nara, lojambulidwa potengera Chang'an, likulu la Tang: misewu yowongoka yodutsana, nyumba yachifumu kumpoto, msewu waukulu wa mamita oposa 70 m'lifupi wolunjika kuchipata cha kummwera. Madenga a matailosi okhala pa nsanamira zofiira aja anafala motero, poyamba pa akachisi ndi maofesi a boma.

Maulendo opita ku Tang, amene anayamba mu 630, anali oika moyo pachiswe. Nthawi zambiri zinkanyamuka zombo zinayi zonyamula anthu mazanamazana, nthumwi, amonke, ophunzira ndi amisiri, ndipo si zonse zinkabwerera. Ophunzira ena ankakhala ku China zaka 17, ena kupitirira 30. Ulendo wobwerera wa mu 753 unanyamula anthu awiri amene ndimafuna aliyense wofunsa funso ngati lanuli awadziwe.

Woyamba ndi Abe no Nakamaro. Anachoka ku Japan mu 717 ali mnyamata, nakwera maudindo m'boma la Tang, n'kukhala bwenzi la alakatuli otchuka Li Bai ndi Wang Wei. Patatha zaka 36 analoledwa kubwerera kwawo. Chombo chake chinakankhidwa ndi namondwe mpaka kugombe la Vietnam, ndipo Li Bai atamva kuti mnzake wamira anamulembera ndakatulo ya maliro. Nakamaro anapulumuka, nabwerera ku Chang'an, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woyang'anira chigawo cha Annam, chomwe ndi kumpoto kwa Vietnam. Anamwalira ku China mu 770 osaonanso kwawo. Mjapani kuyang'anira Vietnam m'dzina la mfumu ya China: zinatheka chifukwa onse ankalemba chilankhulo chimodzi.

M'chombo china cha ulendo womwewo munali mmonke wachitchaina, Jianzhen, amene Ajapani amamutcha Ganjin. Amonke a ku Japan anamupempha mu 742 kuti apite akakhazikitse mwambo woyenera wodzozera amonke, pakuti kwawo kunalibe okwanira kuchita zimenezo. Anayesa kasanu kuwoloka, akulephera. Nthawi zina ankagwidwa ndi akuluakulu a boma, nthawi zina ndi namondwe, ndipo ulendo wina unakamutaya ku chilumba cha Hainan, kummwera kwenikweni. M'zaka zimenezo anachita khungu. Anafika ku Nara mu 754 ali ndi zaka zoposa 60, nadzoza ngakhale a m'banja lachifumu, naphunzitsanso za mankhwala. Kachisi amene anayambitsa mu 759, Toshodai-ji, alipobe, ndipo amene akufuna kuona mamangidwe a nthawi ya Tang amapita kumeneko, chifukwa ku China kwenikweniko nyumba zamatabwa za nthawiyo zatsala zowerengeka. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ajapani amamulemekeza mkuluyu mpaka lero.

Tsono kuti muone kuti kunali kusankha, yang'anani zimene anazikana. Ku China anthu ankakhulupirira kuti Kumwamba kumachotsa ufumu kubanja lolamulira moipa n'kuupereka kwa lina. Japan inatenga mayina aulemu a mfumu, chiphunzitso icho n'kuchisiya, ponena kuti banja lawo lachifumu n'lochokera kwa mulungu wamkazi wa dzuwa ndipo silisinthidwa. Mayeso a boma anayesedwa ku Nara koma anafota, maudindo n'kumayendera kubadwa. Amuna ofulidwa otumikira kunyumba yachifumu, amene anali ndi mphamvu ku China ndipo analiponso ku Korea ndi ku Vietnam, ku Japan sanakhazikike. Mwambo womanga mapazi a atsikana kuti akhale ang'onoang'ono sunazike mizu ku Korea, ku Japan ngakhale ku Vietnam. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 Japan inalamulidwa ndi asilikali kwa zaka pafupifupi 700, chinthu chimene wophunzira wa Confucius ankachiona chozondoka. Malamulo a banja la Le ku Vietnam, ngakhale anatengera a Tang, ankapatsa ana aakazi gawo la chuma cha makolo. Timitengo todyera tomwe n'tosiyana: ta ku China n'tatitali, ta ku Japan n'tatifupi tosongoka, ta ku Korea n'tachitsulo tophwatalala ndipo timayenda ndi supuni.

Mu 894 Japan inaimitsa ulendo wa nthumwi womwe unakonzedwa, Tang itayamba kugwedezeka. Pofika nthawiyo Ajapani anali atafupikitsa zilembo zina zachitchaina kuti ziziimira maphatikizo a mawu a chilankhulo chawo, ndipo kalembedwe kameneko ndi kana. Amuna a m'boma ankanyadira kulemba Chitchaina, amayi a kunyumba yachifumu n'kumalemba ndi kana, ndipo m'modzi mwa iwo, Murasaki Shikibu, analemba nthano ya Genji cha m'ma 1000, imene mpaka lero imawerengedwa ngati chimake cha zolemba za ku Japan. Ku Vietnam nako anapanga zilembo zawo, chu Nom, pophatikiza zidutswa za zilembo zachitchaina kuti alembe mawu a kwawo.

Si oyandikana nawo onse analowa m'gululi. Tibet inatenga kalembedwe ndi Chibuda chake makamaka ku India. Amongolo anatenga zilembo kwa a Uyghur, Amanchu n'kutengera kwa Amongolo, ngakhale mitundu iwiriyi inalamulirapo China yonse. Cambodia, Thailand ndi Burma anayang'ana ku India ndi ku Sri Lanka. Maganizo anga ndi oti dongosolo la China linkakwanira bwino kumene anthu ndi alimi okhazikika, oti ungawalembe m'kaundula n'kuwapeza pamalo omwewo chaka chamawa. Kwa abusa oyenda ndi ziweto m'zipululu linali lolemera kulinyamula.

Katundu sankayenda njira imodzi. Mu 1012 mfumu ya Song inagawira alimi mbewu ya mpunga wocha msanga wochokera ku Champa, pakati pa Vietnam ya lero, ndipo inathandiza madera ambiri kukolola kawiri pachaka. Chokupizira mphepo chopinda chinachokera ku Japan. Amisiri a ku Goryeo anaphunzira ku China kuumba mbale zobiriwira, kenako n'kutulukira luso lawo logoba maluwa padothi n'kudzazamo dothi la mtundu wina. Buku lakale kwambiri limene lilipo losindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zosuntha linatuluka ku Korea mu 1377. Tiyi waufa wopukusa m'mbale, amene mmonke Eisai anamulimbikitsa ku Japan atabwerako ku China mu 1191, anazilala ku China koma ku Japan anakula n'kukhala mwambo wapadera.

Kusintha kwakukulu kunadza kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ajapani pomasulira mabuku a ku Ulaya anapanga mawu atsopano ambiri ndi zilembo zachitchaina, ena n'kuwafukula m'mabuku akale n'kuwapatsa tanthauzo latsopano: mawu a sayansi, a zachuma, a filosofi, ngakhale a telefoni. Japan itagonjetsa China pa nkhondo ya 1894 mpaka 1895, ophunzira masauzande a ku China anakhamukira ku Tokyo n'kubwerera ndi mawuwo, ndipo anafikanso ku Korea ndi ku Vietnam. Mu 1905 Phan Boi Chau, womenyera ufulu wa Vietnam kwa Afalansa, anakumana ku Yokohama ndi Liang Qichao, amene anathawa ku China, ndipo zambiri anakambirana ndi burashi papepala, monga nthumwi zija za mu 1597. Umenewo unali m'badwo womaliza wotha kutero. China inathetsa mayeso ake chaka chomwecho. Ku Vietnam omaliza analembedwa mu 1919 ku Hue, ndipo kalembedwe ka zilembo zachilatini, kamene amishonale anakayamba m'ma 1600, kanatenga malo.

Lero North Korea imalemba ndi hangul yokha, ndipo ku South Korea zilembo zachitchaina zimangooneka apo ndi apo, ngakhale mawu oposa theka a m'madikishonale a Chikoreya ali ndi mizu yachitchaina. Chaka chatsopano chotsatira mwezi chimakondwereredwa ku Korea monga Seollal ndi ku Vietnam monga Tet, kumene pa nyama 12 za zaka anaika mphaka pamalo a kalulu. Japan inasamukira ku kalendala ya ku Ulaya mu 1873, koma mwana wa sukulu amayenera kudziwa zilembo zachitchaina 2,136 kuti awerenge nyuzipepala bwinobwino. Japan yokha ndiyo imapatsabe dzina nyengo ya mfumu iliyonse, mwambo woyambira ku Han umene China inausiya ufumu utatha mu 1912. Kuyambira mu 645 mayina amenewa, amene gwero lake likudziwika, ankatengedwa m'mabuku a ku China. Mu 2019 boma linalengeza kuti dzina latsopano, Reiwa, latengedwa koyamba m'buku la ku Japan, mpukutu wa ndakatulo wa m'zaka za m'ma 700 wotchedwa Man'yoshu. Ndime imene munachokera dzinalo ndi mawu otsogolera ndakatulo za maluwa a mtengo wa pulamu, ndipo wolemba wake anailemba m'Chitchaina cha m'mabuku, motsatira kalembedwe ka alakatuli akale a ku China.